Maola atatu a maphunziro pa TV: yankho kwa mayi wa komiti ya sukulu ku Limbuli

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina amene ndi wapampando wa komiti ya sukulu ya pulayimale kufupi ndi msika wa Limbuli, m'boma la Mulanje. Iwo akuti ana akaweruka amathamangira pa TV ya kwa neba kapena ku vidiyo, ndipo zimene amakaonera ndi nyimbo, mpira ndi mafilimu omenyana. Alongo awo amene anakhalako ku America anawauza kuti kumeneko kuli lamulo lokakamiza wailesi ya kanema iliyonse kuonetsa maola atatu a maphunziro a ana sabata iliyonse. Tsono akufunsa ngati n'kwanzeru kuti komiti yawo ilembere phungu wa dera lawo ndi bungwe la MACRA, loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, kupempha lamulo lotere, komanso ngati lingathandize ana kukhoza mayeso a Sitandade 8.

Mayi, alongo anuwo sanakunamizeni; lamulolo lilipodi, ndipo kalatayo ndikukulimbikitsani kuti muilembe. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musaike mtima wanu wonse pa nambala ya maola, chifukwa kumene anthu anapempha maola okha, eni wailesi za kanema anawapatsa maolawo mosavuta, koma zimene anadzazamo sizinali zimene makolo ankayembekezera. Ndagwira ntchito yokonza mapulogalamu kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene amaganizira munthu wofuna kukwaniritsa lamulo popanda kutulutsa ndalama m'thumba, poti nanenso ndinakhalapo pampando umenewo.

Choyamba, n'chifukwa chiyani boma lingalamule wailesi ya kanema ya munthu wamba chonsecho silingauze mwini nyuzipepala zoti alembe? Mawu ndi zithunzi zimayenda pa mafunde a m'mlengalenga, ndipo mafundewo ndi owerengeka, moti awiri akaulutsira pamalo amodzi womvera amangomva phokoso. Pa chifukwa chimenechi mafundewa amatengedwa ngati chuma cha mtundu wonse, monga dambo limene amfumu amagawira ofuna kulima dimba: wolandira gawo amalima n'kugulitsa zake, koma amalandira gawolo ndi malangizo, ndipo akawaphwanya angathe kulandidwa. Chiphaso choulutsira ndi mgwirizano wa mtundu umenewo. Kuno kwathu amene amagawa ndi MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 loona za mauthenga, lomwe linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano mu 2016. Oulutsa amagawidwa m'magulu: pali MBC, imene ndi ya anthu onse ndipo imalandira ndalama za msonkho, pali wailesi za bizinesi, ndipo pali za m'madera. Pa MBC lamulo linaika udindo wophunzitsa, kusangalatsa ndi kudziwitsa anthu. Mawu amenewa ndi abwino, koma mawu oti kuphunzitsa ndi otambalala ngati chitenje, chimene mungafunde, kuberekera mwana kapena kumangira chimanga. Wailesi ina iliyonse itaonetsa mwambo wotsegulira mjigo kwa maola awiri, ingathe kunena kuti yaphunzitsa anthu za madzi aukhondo, ndipo simungaitsutse ngati palibe pamene panalembedwa momveka kuti pulogalamu yophunzitsa ndi yotani.

Vuto limeneli ndi limene Amerika anakumana nalo, ndipo nkhani yawo ndi yofunika kuimva bwino musanawatsanzire. M'zaka za m'ma 1980, mu ulamuliro wa Ronald Reagan, bungwe lawo loyang'anira zoulutsa la FCC linamasula malamulo ambiri ponena kuti msika wokha udzapereka zimene oonera akufuna. Chimene msika unapereka kwa ana chinali makatuni opangidwa ndi cholinga chogulitsa zidole, moti pulogalamu yonse ya mphindi 30 inkasanduka malonda. Makolo, motsogozedwa ndi mayi wina dzina lake Peggy Charren amene anali atayambitsa gulu lomenyera ana mu 1968, anakakamiza Nyumba ya Malamulo mpaka inapanga lamulo la 1990. Lamuloli linati wailesi ya kanema iliyonse iyenera kusonyeza kuti ikutumikira zosowa za ana pa maphunziro ndi chidziwitso isanapatsidwenso chiphaso, ndipo linaika malire a malonda mu mapulogalamu a ana: mphindi 12 pa ola limodzi mkati mwa sabata, ndi mphindi khumi ndi theka Loweruka ndi Lamlungu.

Koma lamulolo silinatchule maola, ndipo silinalongosole bwino tanthauzo la kuphunzitsa. Zimene zinatsatira n'zoseketsa, ngakhale kuti n'zomvetsa chisoni. Eni wailesi anangotenga makatuni awo akale n'kuwalemba m'malipoti ngati maphunziro. Makatuni otchedwa The Jetsons, a banja loyenda pa magalimoto ouluka, analembedwa kuti amaphunzitsa ana za moyo wa m'tsogolo. Mapulogalamu ochepa amene analidi ophunzitsa ankaikidwa mbandakucha, ana ali mtulo. Ndiye mu 1996 FCC inabwera ndi maola atatu amene alongo anu akunena, koma taonani zimene inaphatikizapo, chifukwa mphamvu ya lamulolo inali mu zimenezi osati mu nambala ija. Pulogalamu yowerengedwa inayenera kukhala yokonzedwera ana a zaka 16 kutsika m'munsi, yokhala ndi maphunziro ngati cholinga chake chenicheni, yotalika mphindi zosachepera 30, yoonetsedwa tsiku ndi nthawi yodziwika sabata iliyonse, pakati pa 7 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku. Ndipo wailesi inayenera kulemba malipoti oti munthu aliyense angathe kuwawerenga.

Ngakhale ndi mpanda wolimba chonchi, mbuzi zinapezabe polowera. Mu 2007 kampani ya Univision, imene imaulutsa m'Chisipanishi, inavomera kulipira madola 24 miliyoni chifukwa inkawerengera masewero a chikondi ndi mikangano ya m'banja ngati maphunziro a ana. Makampani ena anapeza njira yochenjera kwambiri yosaphwanya lamulo n'komwe. Poona kuti malire a malonda aja ankakhudza mapulogalamu a ana a zaka 12 kutsika m'munsi okha, anayamba kudzaza maola atatuwo ndi mapulogalamu otchipa a nyama zakutchire ndi maulendo, n'kumati ndi a achinyamata a zaka 13 mpaka 16, ndipo potero ankakwaniritsa maola koma akugulitsa malonda mmene angafunire, mwana wa Sitandade 2 atatsala padera. Chizindikiro cha E/I chimene chimaoneka pakona ya sikirini kusonyeza kuti pulogalamu ndi yophunzitsa chinasanduka chikomekome cha nkhuyu. Mu 2019 FCC inafewetsanso malamulowa, ponena kuti ana ambiri tsopano amaonera pa intaneti: maola 156 pa chaka, omwe ndi maola atatu aja pa sabata, anatsala, koma nthawi yoyambira inabwerera ku 6 koloko m'mawa, ndipo gawo lina linaloledwa kukhala la mapulogalamu afupiafupi kapena kuikidwa pa matchanelo aang'ono a kampani yomweyo.

Musandimve ngati ndikuti lamulo la maola n'lopanda pake. Kumene linachotsedwa zinthu zinaipa msanga. Ku Britain, lamulo la 2003 litamasula wailesi za bizinesi pa udindo wa mapulogalamu a ana, wailesi ya kanema ya ITV inachepetsa kwambiri zimene inkapangira ana, makamaka malonda a zakudya zonona ndi zotsekemera ataletsedwa pa mapulogalamu a ana mu 2007, mpaka mu 2017 Nyumba ya Malamulo inabwezera bungwe loyang'anira zoulutsa la Ofcom mphamvu zina pa nkhaniyi. Ku Australia wailesi za bizinesi zinkakakamizidwa kuonetsa maola 260 pa chaka a ana a msinkhu wa sukulu ndi maola 130 a ana a mkaka. Lamuloli litachotsedwa kuyambira 2021, mapulogalamu a ana opangidwa m'dzikomo pa wailesi zimenezo anatsika kwambiri m'zaka zochepa. Chimene tikuphunzira apa n'chakuti wabizinesi sapangira ana pulogalamu mwa kufuna kwake, ndipo sikuti ndi woipa mtima ayi. Mwana sagula simenti, sagula mayunitsi, satsegula akaunti ku banki, choncho otsatsa malonda salipira nthawi imene mwanayo akuonera.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo mundilole ndikhalepo pang'ono. Pulogalamu yabwino ya ana ndi yodula kuposa pafupifupi china chilichonse chimene wailesi ya kanema ya kuno imapanga. Pulogalamu yokambirana za ndale imafuna mipando itatu ndi alendo obwera okha. Nyimbo zimabwera zaulere, oimba akuchita kupempha kuti ziseweredwe. Mlaliki amalipira yekha nthawi yake. Koma phunziro la mphindi 20 la kuchotsera manambala kwa mwana wa Sitandade 3 limafuna mphunzitsi wodziwa silabasi, wolemba sewero wodziwa chimene chimaseketsa mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, wojambula zithunzi, nyimbo, ndipo koposa zonse limafuna kukayesedwa pa ana enieni kuti muone pamene maso awo ayamba kuyang'ana kunja kwa windo, kenako n'kubwerera kukakonzanso. Ndikukumbukira chaka china pamene tinapatsidwa ntchito yojambula maphunziro a masamu a Fomu 4 pa wailesi ina imene sinditchula. Tinali ndi kamera imodzi, bolodi limodzi ndi mphunzitsi wabwino kwambiri amene m'kalasi mwake ana ankamukonda. Nyali za m'situdiyo zinkanyezimira pa bolodi moti manambala a mbali ya kumanja sankaoneka, mphunzitsiyo ankafunsa funso n'kudikira yankho kwa khoma, ndipo poti nthawi ya madzulo inali itagulidwa kale ndi otsatsa malonda, maphunzirowo ankaulutsidwa 10 koloko m'mawa, ophunzira a Fomu 4 ali m'kalasi. M'mabuku mwathu maola a maphunziro anakwana bwinobwino. Mukapempha maola atatu popanda china chilichonse, mudzalandira zimenezo, ndipo mudzazilandira mobwerezabwereza, phunziro lomwelo chaka ndi chaka.

Wailesi zathu za bizinesi sizolemera. Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cholephera kulipira ndalama za chiphaso, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa makamera, makompyuta ndi zonse zogulidwa kunja unakwera. Mukasenzetsa nyumba zotere katundu wolemera popanda kuziuza kumene ndalama zichokere, zina zidzanamiza malipoti ndipo zina zidzatseka. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti katundu wamkulu ayenera kukhala pamutu pa MBC, imene imalandira ndalama za msonkho wanu pa chifukwa chomwechi, ndipo wailesi za bizinesi zipatsidwe udindo wopepukirapo: kupereka nthawi yabwino yoonetsera mapulogalamu amene apangidwa kale ndi ena, kapena kusonkha ku thumba lopangira mapulogalamuwo. Lamulo la 2016 linakhazikitsa kale thumba lothandiza kuti mauthenga afike kwa anthu onse, limene limasonkhedwa kuchokera kwa makampani okhala ndi ziphaso, ndipo si kulakwa kufunsa phungu wanu ngati gawo lina la thumba lotere, kapena lina lofanana nalo, lingapite ku mapulogalamu a ana m'zinenero zathu. A ku Britain anayesa thumba la mtundu umenewu kuyambira 2019 mpaka 2022. Ku South Africa, pulogalamu ya ana ya Takalani Sesame inayamba mu 2000 chifukwa wailesi ya boma ya SABC, unduna wa maphunziro ndi othandiza ndi ndalama anagwirana manja, ndipo mu 2002 anaikamo chidole chotchedwa Kami, chokhala ndi kachilombo ka HIV, kuti ana aphunzire kusasala anzawo. Ntchito yozama chotero inatheka chifukwa panali ndalama ndi akatswiri, osati chifukwa wina ankawerenga mphindi.

Tsopano tibwere kwanu ku Limbuli, chifukwa lamulo lopangidwira mabanja a ku Chicago liyenera kuyesedwa pa dothi la ku Mulanje. Wailesi ya kanema inafika mochedwa m'dziko muno. Television Malawi inayamba mu 1999, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 12 mwa 100 alionse ndi amene anali ndi TV, pamene wailesi ya mawu inkapezeka m'banja limodzi mwa atatu alionse. Magetsi nawo anali m'nyumba pafupifupi imodzi mwa khumi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Midzi ya ku Bondo, imene imayatsa magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, ndi ya mwayi umene midzi yambiri ya m'munsi mwa phirili ilibe. Masola awonjezera ma TV m'zaka zapitazi, koma sola yaing'ono ikakumana ndi chiperoni cha masiku atatu, batire limasungidwira nyali ndi kutchajira foni.

Ndiye ana anuwo amaonera kuti? Mwanena nokha kuti ku vidiyo. Ndaimapo pakhomo pa nyumba zimenezi pa Chitakale ndi pa Luchenza: chisakasa cha malata kapena cha mphasa, sipika itapachikidwa panja kuti phokoso la mfuti liitane makasitomala, kabolodi kolembedwa ndi choko mayina a mafilimu ndi nthawi ya mpira, ndipo mkatimo, mumdima, ana atakhala pa matabwa, ena ali ndi yunifolomu, makope atawalowetsa m'jumbo ya shuga. Chimene chikuoneka pa sikirini sichikuchokera ku MBC kapena ku wailesi ina iliyonse ya m'dziko muno. Chikuchokera pa fulashi, kapena pa dishi yokoka matchanelo a kunja. Lamulo la maola atatu, ngakhale litalembedwa mwaluso chotani, silingalowe m'chisakasa chimenecho, chifukwa mwini wake si woulutsa. Iye amagwa pansi pa malamulo a khonsolo ya boma ndi lamulo la 1968 loona za zisudzo ndi mafilimu, komanso pansi pa malamulo a m'mudzi amene mafumu ndi makomiti ngati yanu amapangana. Koma pali chinthu chimodzi chimene anyamata a vidiyo anatiphunzitsa ife okonza mapulogalamu, ndipo ndimachinena mopanda manyazi: anazindikira kale kuti filimu ya ku China kapena ya ku India ikaikidwa mawu a Chichewa, chisakasa chimadzaza. Ana amakhala maola awiri osaphethira chifukwa akumva. Lamulo lililonse la maphunziro pa TV limene silitchula chinenero lidzadzazidwa ndi mapulogalamu a Chingerezi opezeka mwaulere kunja, amene mwana wa Sitandade 2 wa kwa Mabuka adzangoonerapo zithunzi.

Pa chifukwa chomwechi kalata yanu isaiwale wailesi ya mawu. Dziko lino linaionapo kale ntchito yake. Pulogalamu ya Tikwere, imene inayamba kumveka pa MBC mu 2008, inkaphunzitsa ana a makalasi oyambirira kwa mphindi 30, ndipo luso lake linali lakuti mawu a pa wailesi ankauza mphunzitsi wa m'kalasi zoti achite ndi ana panthawi yomweyo: imikani ana awiri, lembani chilembo ichi pa bolodi, imbani nawo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linabwereranso ku wailesi kuti ana a pulayimale asakhale chabe. Ndipo inu a ku Mulanje simufunika kukumbutsidwa za March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula milatho ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Panthawi ngati imeneyo mwana amene angafikiridwe ndi amene ali pafupi ndi kawailesi ka mabatire kapena foni ya mabatani yokhala ndi FM. Ndikanakhala ine wolemba lamulo, ndime yoyamba ikanati sukulu zikatsekedwa chifukwa cha mliri kapena ngozi, woulutsa aliyense, wa mawu ndi wa kanema yemwe, apereke nthawi yodziwika ya maphunziro, ndipo maphunzirowo akhale atajambulidwa kale n'kusungidwa, osati kuyamba kusaka kamera madzi atafika m'khosi.

Mwafunsa ngati zimenezi zingakweze zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Yankho langa ndi lakuti TV payokha singatero, koma ingathandize m'njira ina imene mwina simunaiganizire. Dziko la Côte d'Ivoire linayesa kuyambira 1971 kuika TV pakati pa maphunziro a pulayimale, maphunziro akuulutsidwa kuchokera ku Bouaké kupita m'makalasi a m'midzi momwe ma TV ankayendera mabatire. Ndalama zinapita zambiri, makolo ndi aphunzitsi anadandaula kuti ana akulankhula Chifalansa koma kulemba kukuwavuta, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ntchitoyo inathetsedwa. Ku Mexico, ntchito ya Telesecundaria, yophunzitsa ana a sekondale kudzera pa TV, inayamba mu 1968 ndipo ikadalipo mpaka lero, chifukwa kumeneko phunziro la pa TV ndi lalifupi, ndipo likatha mphunzitsi amene ali m'chipindamo amatenga ana n'kugwira nawo ntchito ya m'buku. Mphamvu ya Telesecundaria ili mwa mphunzitsi ndi buku. Kumene TV yasonyeza mphamvu payokha ndi kwa ana aang'ono, asanayambe sukulu kapena atangoyamba kumene, pa zilembo, manambala ndi mawu atsopano; akatswiri awiri a zachuma ku America, Melissa Kearney ndi Phillip Levine, atafufuza za ana amene ankatha kuonera pulogalamu ya ana ya Sesame Street itangoyamba mu 1969, anapeza kuti ana a m'madera amene inkafika bwino sankatsalira m'mbuyo m'makalasi monga anzawo a kumene sinkafika. Tsono ngati mukufuna kuti TV ithandize Sitandade 8, pemphani mapulogalamu a mwana wa zaka zinayi mpaka zisanu ndi zitatu, chifukwa mwana amene amalephera mayeso a MANEB nthawi zambiri anasochera kale ku Sitandade 2, pamene anakwera kalasi asanadziwe kuwerenga.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Walira mvula walira matope. Mukapatsa bungwe la boma mphamvu yonena kuti pulogalamu iyi ndi yophunzitsa ndipo iyi ayi, mwalipatsanso ndodo imene tsiku lina ingagwiritsidwe ntchito pa wailesi imene yakwiyitsa olamula. Malamulo oyendetsera dziko lino amateteza ufulu wa maphunziro mu ndime 25, komanso amateteza ufulu wa atolankhani mu ndime 36, ndipo lamulo labwino liyenera kulemekeza ziwiri zonsezi. Njira yake ndi kulekanitsa ntchito. Oweruza ngati pulogalamu ikugwirizana ndi msinkhu wa mwana ndi silabasi akhale anthu a maphunziro, monga a ku Malawi Institute of Education ku Domasi amene amalemba silabasi ndi mabuku a sukulu, pamodzi ndi aphunzitsi ndi makolo. MACRA iwerenge nthawi ndi kulandira madandaulo. Ndipo chilango cha kulephera chiyambire pa chenjezo ndi chindapusa, kulanda chiphaso kukhale kutali kwenikweni. Lamulolo linenenso poyera kuti msonkhano wa chipani, ulendo wa nduna ndi pulogalamu yolipiridwa ndi kampani yogulitsa zakumwa za shuga sizingawerengedwe ngati maphunziro a ana, ngakhale atakhalamo ana a sukulu akuimba.

Tsono m'kalata yanu, m'malo mwa chiganizo chimodzi chopempha maola atatu, fotokozani moyo wa ana anu monga mukuudziwira inu, chifukwa zimenezo ndi zimene a ku Lilongwe sangazipeze m'mabuku a ku America. Auzeni nthawi imene ana amakhala opanda wowayang'anira, makamaka miyezi ya mvula pamene makolo ambiri amalawirira kukathyola tiyi n'kubwera atatopa madzulo, ndipo pemphani kuti mapulogalamu aikidwe masana ana ataweruka ndi Loweruka, osati m'mawa wa tsiku la sukulu kapena usiku. Pemphani kuti akhale m'Chichewa, ndipo ena akhale m'zinenero za m'madera monga Chilomwe, ndi womasulira wa chinenero cha manja pakona. Pemphani malire pa kubwereza, kuti gawo lina la chaka chilichonse likhale la zatsopano. Pemphani kuti ndandanda ya mapulogalamuwo itumizidwe ku sukulu kudzera kwa alangizi a maphunziro a m'zoni teremu isanayambe, kuti aphunzitsi adziwe zouza ana. Kuyambira pamene dziko lino linasamukira ku kaulutsidwe ka dijito, kamene kanabweretsa madikoda a Kiliye Kiliye, malo amodzi pa mafunde amanyamula matchanelo ambiri, choncho tchanelo ya maphunziro okhaokha ndi yotheka, monga a ku Kenya ali nayo pansi pa bungwe lawo lolemba silabasi. Koma mukaipempha, onjezani kuti isakhale chifukwa chochotsera ana pa tchanelo yaikulu imene anthu amaonera. Ndipo pemphani chinthu chotchipa kuposa zonse, chimene ndi malipoti a poyera: wailesi iliyonse izilemba miyezi itatu iliyonse dzina la pulogalamu, tsiku, nthawi, msinkhu wa ana ndi chimene ikuphunzitsa, pamalo amene komiti ngati yanu ingawerenge n'kunena kuti ife Lachitatu limenelo tinaonera, ndipo munali nyimbo zokhazokha. Kalata yotere ikasainidwa ndi makomiti a sukulu zonse za m'zoni yanu, pamodzi ndi amayi a magulu oyang'anira atsikana ndi a gulupu, imalemera kuposa ya sukulu imodzi.

Pamene mukudikira yankho, limene lingatenge nthawi, nkhani ya vidiyo ili m'manja mwanu kale. Itanani eni ake ku bwalo la amfumu, osati ngati olakwa koma ngati anthu a bizinesi amene nawonso ali ndi ana pa sukulu yomweyo, ndipo mupangane zinthu ziwiri: kuti mwana wovala yunifolomu asalowe nthawi ya sukulu, ndiponso kuti Loweruka m'mawa, mpira usanayambe, ola limodzi likhale la ana aang'ono. Mapulogalamu a makatuni ophunzitsa masamu ndi kuwerenga opangidwa mu Africa muno alipo, monga a bungwe la Ubongo la ku Tanzania, ndipo angathe kuikidwa pa fulashi yomweyo imene imanyamula mafilimu a karate. Komiti ingalipire mwini chisakasa mtengo wa mafuta a jenereta a ola limenelo, ndipo mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 kapena 2 azikhalapo mosinthana, kuti filimu ikatha aimitse ana, awafunse zimene aona, ndi kuwalembetsa pansi ndi chala chilembo chimene chinali pa sikirini.